Kodi Nangozo Akadali Yemwe Uja?

Kuseri kwa nyumba ya malemu amalume anga, pansi pa mtengo wa mango, pali mulu wa zitsulo. Ana a m'mudzi amautcha manda a Nangozo, ndipo mayi anga akhala akundiuza kwa zaka zambiri kuti ndiitane anyamata ogula zitsulo zakutha aja adzauchotse, poti muluwo wasanduka nyumba ya njoka ndi makoswe. Pamuluwo pali injini yathunthu, magiyabokosi awiri, masipuling'i othyoka, chitseko cha kumanzere, rediyeta yobooka, ndi tizitsulo tina tosawerengeka timene amalume ankakana kutaya. Chodabwitsa nchakuti Nangozo mwini wake sanafe. Ali kumaso kwa nyumba, m'chisakasa cha malata, ndipo mukamukankha pang'ono m'mawa amatsokomola kawiri kenaka nkudzuka. Manda ali kuseri, mwini manda ali pakhomo. Funso limene ndabwera nalo lero, anzanga a m'bwalo lino, likuchokera pamenepo.

Nangozo ndi galimoto. Ndi pikapu ya mtundu wa Peugeot 404, imene anthu kwathu amangoti Pijo, yopangidwa m'chaka cha 1972. Amalume anaigula m'chaka cha 1979 kwa mlimi wina wa fodya, ndi ndalama zimene anasunga ku migodi ya ku Joni. Iwo anali m'gulu la anthu amene anabwerera kumudzi boma litaletsa Wenela kulemba anthu kuno, pambuyo pa ngozi ya ndege imene inagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70. Anzawo ambiri anagula njinga, wailesi ndi malata. Iwo anadikira zaka zinayi akulima mbatata ya kachewere, mpaka ndalama zitakwana. Tsiku limene galimotoyo inalowa m'mudzi, agogo anga aakazi anaseka nati mwana wawo wabweretsa mkazi wachiwiri, ndipo pompo anaipatsa mfunda wa Nangozo. Dzinalo linakakamira.

Amalume sanasankhe mwangozi. Peugeot 404 inayamba kupangidwa ku France m'chaka cha 1960, thupi lake litajambulidwa ndi a Pininfarina a ku Italy, ndipo ya pikapu inatuluka m'chaka cha 1967. Mbiri yake kuno ku Africa inakula chifukwa cha mpikisano wa East African Safari, umene unkadutsa m'misewu ya fumbi ndi matope ya ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Galimoto ya mtundu umenewu inapambana mpikisanowo m'zaka za 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Ku France anasiya kupanga ya saluni m'chaka cha 1975, koma kuno ku Africa anapitiriza kuilumikiza, ndipo ku Kenya anafika nayo mpaka 1991. Injini yake ndi ya masilinda anayi, ya 1618 cc, yogona chopendekera mbali imodzi, ndipo magiya ake anayi amasinthidwira pa chiwongolero. Mulibe kompyuta, mulibe chinsinsi. Munthu wokhala ndi masipanala ochepa, sikuludalaiva ndi makutu abwino angathe kuichiritsa pansi pa mtengo.

Ntchito imene Nangozo wagwira pa zaka zoposa 40 singalembedwe m'magazini ino. Wanyamula mbatata, kabichi ndi tomato kuchokera ku Lizulu kutsika nazo ku Golomoti, nkukwera ndi usipa ndi mpunga. Wanyamula chimanga kupita nacho ku msika wa ADMARC. Wanyamula akwati, kwaya ya mpingo, timu ya mpira, njerwa za sukulu. Usiku wanyamula amayi apakati ndi ana a malungo kuthamangira nawo ku chipatala cha Mua, ndipo amene sanachire anabwerera pa galimoto yomweyo, amayi akuimba nyimbo za maliro kumbuyo. Ine ndinaphunzira ntchito ndili ndi zaka khumi, ndikugwirizira tochi. Amalume ankandionetsa kupala mapointi ndi kawapepala ka mchenga, kuyeza mpata wake ndi kakhadi, kuuzira fumbi m'kabuleta, ndi kumvetsera injini poika mpini wa sikuludalaiva kukhutu monga achitira dokotala pa chifuwa cha wodwala. Atamwalira m'chaka cha 2009, abale anakhala pansi nati galimoto ipite kwa mphwawo, monga mwa mwambo wathu. Mphwawoyo ndi ine.

Tsono tiyeni tiwerenge zimene zatsala za galimoto imene inalowa m'mudzi muja m'chaka cha 1979. Injini ndi yachiwiri, yochotsedwa m'galimoto ina imene inagubuduka. Giyabokosi ndi yachitatu. Matabwa a kumbuyo asinthidwa kanayi. Zitseko, magalasi, mipando, nyali, thanki ya petulo, zonsezi zinabwera pambuyo, zina kuchokera kwa amakaniko a ku Ndirande, zina kwa ogulitsa zitsulo a ku Limbe. Pansi pamene woyendetsa amapondapo panawotchereredwa chitsulo cha mgolo. Ndikati ndifufuze chimene sichinasinthidwepo, ndimapeza chiwongolero, kachitsulo ka nambala, ndi mbali zina za chesisi. Kodi tsono ndili ndi ufulu wonena kuti ndimayendetsa galimoto ya amalume anga? Kapena galimoto ya amalume ndi mulu uja wa pansi pa mango, ndipo ine ndimayendetsa mlendo amene anangoba dzina?

Funso limeneli si langa ndekha, ndiponso si la lero. Plutarch, mlembi wa Chigriki, anasimba za chombo cha Theseus, chimene anthu a ku Athens anachisunga kwa mibadwo yambiri. Thabwa likaola ankalichotsa nkuikapo lina, mpaka anthu anzeru anayamba kukangana, ena akuti chombocho nchomwe chija, ena akuti ayi. Thomas Hobbes wa ku England, m'buku lake la 1655, anauthira tsabola mkanganowo. Iye anati tiyerekeze kuti munthu wina ankatola matabwa akale aja nkumawasunga, kenaka nkuwalumikizanso mwa dongosolo lake lakale. Pamenepo zombo zikhala ziwiri, ndipo chilichonse chidzanena kuti chenicheni ndine. Pamene ndinamva nkhani imeneyi m'kalasi ndinaseka ndekha, poti munthu wotola matabwa uja ndinkamudziwa. Anali amalume anga. Ndiponso kumudzi funsoli timalidziwa m'njira ina: nkhalamba imakuonetsani khasu nkunena kuti ili ndi khasu la bambo ake, chikhalirecho mpini wasinthidwa kasanu ndipo chitsulo chasulidwanso kawiri.

Mayankho alipo angapo, ndipo lililonse limayenda pang'ono kenaka nkutitimira. Loyamba limati chinthu ndi zipangizo zake: chitsulo chikasintha, galimoto yasintha. Koma ngati ndi choncho, Nangozo anafa tsiku limene amalume anasintha pulagi yoyamba, kapena tinene kuti anafa pa bawuti ya chikwi ndi chimodzi, ndipo palibe amene angatiuze chifukwa chake bawuti imeneyo inali yoopsa kuposa inzake ya dzulo lake. Lachiwiri ndi yankho la boma, lakuti galimoto ndi nambala ya chesisi ndi buku lake. Yankho limeneli ndi labwino kwa wapolisi wa pamsewu, koma nambala ndi chizindikiro chabe. Mukachotsa kachitsulo kaja nkukakhomera pa ngolo ya ng'ombe, ngoloyo sisanduka Peugeot. Lachitatu limati chinthu ndi maonekedwe ake ndi kapangidwe kake. Koma magalimoto a kapangidwe kameneka anapangidwa oposa mamiliyoni awiri, ndipo onsewo sanali Nangozo.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti yankho labwino lili kwathu konkuno, m'mwambo wolowa dzina. Mfumu ikamwalira, dzina silipita kumanda. Wina amalowa, ndipo kuyambira tsikulo anthu amamutchula dzina la malemuyo, amamuweramira monga ankaweramira malemuyo, ndipo milandu imene malemuyo anaisiya theka iye amaimaliza. Gomani amene anaphedwa ndi asilikali a atsamunda m'chaka cha 1896 ndi Gomani wachisanu amene analongedwa m'chaka cha 2012 ndi anthu awiri, a matupi awiri, komabe Angoni a ku Ntcheu akamati Gomani amanena mpando umodzi. Mudzi nawonso ndi chimodzimodzi. Nyumba zimagwa, udzu wa denga umasinthidwa, anthu amabadwa ndi kufa, nthawi zina mudzi wonse umasamuka kuwoloka mtsinje, koma dzina la mudzi limapita nawo. Ndinkati, basi, Nangozo ndi dzina, ndipo injini yatsopano inangolowa ufumu wa injini yakale. Ndinakhutira ndi yankho limeneli, osadziwa kuti ndaligwira kumchira. Ndinalimvetsa bwino chaka chatha, pa msewu wa Khwekhwerere, ndipo amene analipira sukulu yangayo anali munthu wina.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, ndiloleni ndifotokoze pang'ono za mabuleki a galimoto yathuyi. Mukaponda pedulo, kapisitoni ka mu masita silinda kamakankha mafuta a mabuleki kudzera m'timapaipi tachitsulo topita ku mawilo onse anayi, ndipo mafutawo amatambasula mashuzi kuti akhule diramu imene imazungulira ndi wilo. Magalimoto a masiku ano ali ndi njira ziwiri za mafutawa, kuti ina ikabooka ina igwire. Nangozo ali ndi njira imodzi yokha, kotero kuti kabowo kamodzi, paliponse, kamapha mabuleki onse. Chachiwiri nchakuti potsika phiri madiramu amatentha koopsa. Mafuta enieni a mabuleki, akakhala atsopano, sawira mpaka kutentha kutapitirira madigiri 200, pamene madzi amawira pa madigiri 100, kapena kucheperapo m'mapiri. Madzi akawira m'paipi amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Mwendo umaponda, pedulo imafika pansi, koma mashuzi osamva kanthu.

Zonsezi ndinkazidziwa. Komabe m'mwezi wa Malichi paipi ya wilo la kumbuyo itadyeka ndi dzimbiri ndili m'njira, ndinachita zimene ndinaonapo amalume akuchita tsiku lina tili m'tchire: ndinaipinda paipiyo nkuifinya ndi pulayala kuti wilo limenelo lisalandire mafuta, ndipo m'malo mwa mafuta otayika ndinathiramo madzi a sopo. Ndinafika kunyumba bwinobwino. Amalume akachita zimenezi, m'mawa mwake galimoto inkakhala pa jeke, ndipo sinkatuluka mpaka paipi yatsopano italowa ndi madzi onse atapopedwa. Ine ndinati mawa. Mawalo linasanduka sabata, sabata linasanduka miyezi inayi. Ndalama zinapezeka nditagulitsa mbatata, musaganize kuti zinasowa. Koma ndinazipereka kwa wopenta kuti abwezeretse utoto wotuwa umene galimotoyo inabwera nawo m'chaka cha 1979, ndipo zotsalazo ndinagulira kachizindikiro ka mkango koika kumaso, poti kakale kanatayika. Ndinkafuna kuti anthu akamuona Nangozo azikumbukira amalume. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsikulo linali la msika, m'mwezi wa Julaye. Kumbuyo kunali matumba a mbatata, ndipo pamwamba pa matumbawo panakhala anthu khumi ndi awiri, ambiri mwa iwo amayi a geni. Amene mwayendapo pa msewu wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti mukudziwa mmene umapindikira ngati njoka, phiri mbali ina, chigwa mbali inayo, nyanja ikuoneka patali. Ndinkatsika ndi giya yachitatu, mwendo uli pa buleki kuyambira pamwamba. Titapitirira theka la mtsetsewo, pedulo inafewa ngati nsima ya mwana, kenaka inangopita pansi. Ndinapopa, osamva kanthu. Ndinakankhira giya mu yachiwiri, giyabokosi ikukukuta mano, ndinakoka handibuleki ndi mphamvu zanga zonse, ndipo poona kuti kona ikubwera ndinakhotetsera galimoto ku phiri nkuikhulitsa ku khoma la miyala mpaka inaima m'ngalande. Palibe amene anamwalira. Mwana wina anagwera pa matumba osavulala. Koma mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe anaponyedwa pansi nathyoka mkono wamanja.

Ndinakawaona kuchipatala patapita masiku awiri, nditanyamula nkhuku ndi manyazi. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, ndipo mwina kukanandipepukira. Koma mayiwo anangondiyang'ana nati, "Achimwene, pa Lizulu paja panali minibasi ziwiri. Ine ndinazisiya dala. Ndinati ndikwera ya malume anu, poti imeneyo chiyambire sinagwetsepo munthu." Sanawonjezere mawu ena. Ndinabwerera wapansi mbali yaikulu ya njira, ndipo m'njiramo ndi mmene funso la Plutarch linasiya kukhala masewera a m'kalasi.

Taonani chimene mayiwo anakwera. Sanakwere injini, poti sankadziwa kuti ndi yachiwiri. Sanakwere nambala ya chesisi, ndipo utoto wanga wotuwa uja sanaupenye nkomwe. Anakwera mbiri ya zaka 30 imene amalume anaimanga tsiku ndi tsiku, pogona pansi pa galimoto m'mawa uliwonse anthu asanadzuke, pokana katundu wopitirira muyeso, potsika phiri lomwelo ndi giya yachiwiri ngakhale apaulendo ankadandaula kuti akuchedwa. Mbiri imeneyo inali lonjezo, lakuti amene wakwera pano akafika. Ine ndinalandira lonjezolo pamodzi ndi makiyi, ndipo ndinkadya phindu lake tsiku lililonse la msika, poti anthu ankasiya minibasi zatsopano nkubwera kwa ine. Koma ndinasiya kulipira mtengo wake. Ndinali ngati mphwa wolowa dzina la mfumu amene amakonda nduwira ndi mpando ndi mphatso za nkhuku, koma milandu ya anthu osaiweruza. Munthu wotere akuluakulu amati wadya dzina, ndipo sanena moyamikira.

Apa ndi pamene ndikuona kuti mwambo wathu uli ndi yankho loposa limene ndinkaliganizira poyamba. Wolowa dzina salowa mawu okha otchulidwa pakamwa, amalowa udindo. Ngongole za malemu ndi zake, ana amasiye a malemu ndi ake, malire a minda amene malemu analonjeza kuteteza ndi ake. Chimene chimapangitsa Gomani kukhalabe Gomani ndi ntchito yosadukiza imene anthu amayembekezera kwa mwini dzinalo. Momwemonso galimoto ya ntchito imakhalabe yomweyo malinga ngati ikusunga lonjezo limene anthu amaidziwa nalo. Ngati zili choncho, kusintha zitsulo sikupha galimoto, koma ndi njira yokhayo yoisungira. Nangozo anakhalabe Nangozo pamene amalume anachotsa injini yoyamba, chifukwa anaichotsa kuti lonjezo lipitirire. Anasiya kukhala Nangozo m'miyezi inayi ija imene anali wokongola kuposa kale lonse, ali ndi mkango wonyezimira kumaso ndi madzi a sopo m'mitsempha.

Ndikudziwa kuti wina m'bwalo lino andidzudzula, ndipo chidzudzulo chake ndi cholemera. Adzati: iwe ukuyankhula ngati munthu wa m'tauni amene ali ndi galaja pakhomo. Kumudzi sipeyala ili kutali, ndalama ya kunja ikasowa mitengo ya zitsulo imakwera mwezi ndi mwezi, ndipo galimoto za matola zikati ziime zonse mpaka zitakhala bwino ndithu, amayi apakati adzaberekera m'njira ndipo tomato adzaolera m'munda. Luso lomanga ndi mphira ya chubu, lomata thanki ndi sopo, lothira ufa mu rediyeta yodontha, ndi limene lasunga midzi yathu ikuyenda. Kodi si chipongwe kutcha luso la amphawi tchimo? Adzawonjezanso kuti apaulendo ndi akuluakulu, amaona okha kuti galimoto ndi yakale, ndipo walira mvula walira matope.

Mbali yoyamba ya chidzudzulochi ndikuivomera ndi mtima wonse. Ine ndinaleredwa ndi luso limenelo, ndipo fizi yanga ya sekondale inachokera m'galimoto yomangidwa ndi waya. Koma amalume, amene sanapitirire Sitandade 4, anali ndi malire amene ine wa ku koleji ndinawaiwala. Ankati, "Mphwanga, chimene chimayendetsa galimoto ungachimange ndi luzi, poti chikaduka mungogona m'njira. Koma chimene chimaimitsa galimoto, ndi chimene chimaikhotetsa, usachimange ndi luzi." Fanibeluti, kabuleta, sitata, chitseko chotsekera ndi chingwe, zonsezi zikakanika mtengo wake ndi nthawi ndi manyazi, ndipo mwini galimoto amalipira nawo. Mabuleki, chiwongolero ndi matayala zikakanika, mtengo wake ndi mafupa a anthu ena. Umphawi ungatikakamize kuchedwetsa anthu, koma sutipatsa chilolezo chotchovera juga miyoyo yawo. Ndipo kwa ine nkhani ya umphawi sigwira nkomwe, poti paipi ndi botolo la mafuta zinali zotchipa kuposa utoto.

Mbali yachiwiri, yakuti apaulendo anasankha okha, ndikuikana. Munthu amasankha pa zimene akuziona. Mayi uja anaona dzimbiri la pa chitseko, anamva kulira kwa masipuling'i, ndipo zimenezo anazivomera. Koma paipi yofinyidwa inali pansi pa galimoto, ndipo amene ankaidziwa ndi ine ndekha. Pakati pa woyendetsa ndi wokwera, pakati pa makaniko ndi mwini galimoto, pakati pa dokotala ndi wodwala, kudziwa kumakhala mbali imodzi, ndipo mbali inayo imangokhala ndi chikhulupiriro. Amene akudziwa ndiye wosenza mlandu. Ndikanaima pa Lizulu paja nkunena mokweza kuti mabuleki akugwira mawilo atatu okha ndipo muli madzi a sopo, ndi angati akanakwera? Ndikudziwa yankho lake, ndipo nchifukwa chake sindinanene. Chinthu chimene sungathe kuuza wokwera poopa kuti atsika, chimenecho ndi chimene sukuyenera kuyenda nacho. Muyeso umenewu susowa sipanala kapena digiri.

Pali phunziro lina limene landivuta kwambiri kulimeza, lakuti kukonda chinthu chakale kuli mitundu iwiri, ndipo kunja imafanana. Pali kukonda kumene kumafuna kuimitsa nthawi, kuti chinthucho chizioneka monga chinalili tsiku limene wokondedwa wathu anali moyo. Kukonda kumeneku kumayang'ana kwa akufa, ndipo kwenikweni kumatumikira chisoni chathu. Pali kukonda kwina kumene kumafunsa kuti, kodi malemuyo ankafuna chiyani ndi chinthuchi, ndipo ndingachite chiyani kuti cholingacho chisafe? Kumeneku kumayang'ana kwa amoyo. Ine ndinkati ndikulemekeza amalume ndi utoto, chikhalirecho iwo sanapentepo galimotoyo chigulire. Akanadzuka nkuona mkango watsopano kumaso ndi paipi yopindidwa pansi, mawu amene akananena sangasindikizidwe m'magazini ino. Ndikuganiza kuti matenda omwewa amagwiranso miyambo, mipingo ndi mabungwe: timasamala zovala ndi mayina, pamene chimene makolo ankachitchinjiriza ndi zinthuzo chikudontha pansi osaoneka.

Kuyambira tsiku la ngoziyo sindinanyamulenso munthu. Nangozo wangoyenda m'njira za kumunda, pa giya yoyamba, atanyamula manyowa. Mwezi watha kunabwera bambo wina wa ku Blantyre, wosunga magalimoto akale, amene anamva za ife kwa makaniko. Anamuzungulira Nangozo kawiri mosakondwa kwenikweni, koma nditamuperekeza kuseri kwa nyumba maso ake anawala. Anapala dzimbiri pa injini yoyamba ija napeza nambala yake. Anati ali ndi thupi la 404 ina lopanda injini, ndipo ndi mulu umenewu angathe kumanga galimoto ya zitsulo zenizeni za nthawi imeneyo, yokaonetsa pa zionetsero. Ndinamuyang'ana nkumwetulira, poti munthu wa Hobbes uja anali ataima pakhomo pathu, atavala jekete. Anafunsanso ngati ndingagulitse zonse, mulu ndi galimoto yomwe, ndipo mtengo umene anatchula unandiumitsa pakhosi.

Sindimunyoza bamboyo. Ntchito yake ili ndi malo ake, poti adzukulu athu ayenera kudzaona ndi maso chimene chinkanyamula dziko lino minibasi zisanachuluke. Koma galimoto imene adzamange idzakhala chithunzi cha Nangozo, chokongola ndi choona, monga chithunzi cha amalume chimene chili pa khoma la m'nyumba mwathu. Sidzadzutsidwa pakati pa usiku ndi munthu wogogoda pa zenera. Tinagwirizana kuti atenge mulu wonse, koma galimoto ikhale. Ndalamazo ndaziwerengera kale ntchito: masita silinda, masilinda a mawilo onse anayi, mapaipi atsopano kuyambira kumaso mpaka kumbuyo, mashuzi, chingwe cha handibuleki, mfundo za chiwongolero ndi matayala anayi. Zotsala zikalipira aganyu m'munda wa mayi uja, poti mkono wawo sunabwererebe mphamvu zogwira khasu, ndipo mvula sidikira munthu. Zimenezi sizifafaniza mlandu wanga. Mkono sugulidwa. Koma wolowa dzina amayamba ndi ngongole zimene angathe kubweza.

Mayi anga atamva anati, "Ndiye wagulitsa mafupa a malume ako?" Ndinawayankha kuti mafupa a amalume ali kumanda, pamene zija ndi zitsulo zimene iwo eni anazichotsa ndi manja awo zitatha ntchito. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati bola njoka zichoke.

Ndatsala ndi funso limodzi limene ndikulisiya m'manja mwanu. Tsiku lidzafika pamene dzimbiri lidzadya chesisi pamalo posawotchereka, kapena pamene sipeyala ya mabuleki sidzapezekanso ku Limbe kapena kwina kulikonse. Ngati zimene ndanenazi ndi zoona, tsiku limenelo kukhulupirika kwa Nangozo kudzatanthauza kumuimika, ndipo mwina kugula galimoto ina ya mtundu wina nkuipatsa ntchito yake. Kodi imeneyo ndidzaitchanso Nangozo? Nzeru zanga zikuti inde, poti lonjezo ndi lomwelo. Manja anga, amene anazolowera chiwongolero chopyapyala chija pamalo pamene zala za amalume zinachisalalitsa, akuti ayi. Sindinathe kuziyanjanitsa ziwirizi, ndipo mwina munthu sayenera kufulumira kuziyanjanitsa. Chimene ndikudziwa nchakuti lole ya bambo uja ibwera Loweruka, ndipo Lolemba m'mawa Nangozo adzakhala pa jeke. Mphwanga wa zaka khumi ndi chimodzi wavomera kudzandigwirira tochi ndi kupopa pedulo pamene ine ndikutulutsa mpweya m'mapaipi, wilo ndi wilo, kuyambira lakutali. Ndidzamuuza za luzi, ndiponso ndidzamuuza za mayi uja.